Marimu sapambana mpikisano

Ndili fomu 2, msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi PSP yakale yong'aluka pakona. Kamakina ka Sony kameneka kanayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2004, ndipo magemu ake ankabwera pa tizimbale ting'onoting'ono totchedwa UMD. Iye anali ndi kachimbale kamodzi kokha: Midnight Club 3: DUB Edition, gemu ya Rockstar yomwe inatuluka mu 2005.

Gemuyi si yophunzitsa munthu kuyendetsa galimoto ayi. Umathamanga usiku m'misewu ya San Diego, Atlanta ndi Detroit, kuzemba magalimoto ena, kudulira m'tinjira tapakati pa nyumba. Ukapambana amakupatsa ndalama za mugemu momwemo, n'kupita nazo kugalaja. Kumeneko n'kumene ine mtima unatsalira.

Ndalama zanga zoyamba zonse zinathera pa marimu onyezimira, penti yofiira ndi magetsi apansi pa galimoto. Inatchena, aise! Koma mpikisano wotsatira ndinamaliza kumapeto kanayi kondondozana. Msuweni anaseka mpaka misozi.

"Iwe, chikomekome cha mkuyu ichi. Injini waisiyira ndani?"

Anandionetsa kuti poyamba umagula zoti galimoto ithamange ndi kugwira msewu: injini, magiya, matayala, mabuleki, kenako nitro yokukankha pamsewu wowongoka. Penti imabwera pambuyo, ukayamba kupambana. Zimene ankanena zija ndinazimva bwinobwino nditayambanso gemu yonse kuchokera pachiyambi.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mng'ono wanga, yemwe ali fomu 1. Mwezi watha anandipempha ndalama. Ndimaganiza kuti ndi ya makope, koma ayi, amafuna kugula galimoto mugemu ina yapafoni. Gemuyo anaitenga ulere, koma akathamanga kangapo mafuta amatha, ndiye adikire kapena alipire. Galimoto yabwino nayonso imafuna ndalama yeniyeni, osawerengera bando. Ndinaona kuti ndikamupatsa lero, sabata yamawa abweranso, chifukwa magemu otere anawapanga kuti munthu azingolakalaka chotsatira.

Apa ndi pamene pali kusiyana. Mugemu yakale ija, ukalephera palibe wokuuza kuti tulutsa chikwama. Ukudziwa kuti vuto ndiwe: wachedwa kuponda buleki pakona, kapena wawononga ndalama pa zinthu zosathamangitsa galimoto. Umabwerera, umaphunzira msewu, umapambana. Zonse zili m'galimoto yako unazivutikira wekha, n'chifukwa chake umainyadira.

Kumukaniza basi sikukanathandiza, akanakapempha kwa amayi. Ndiye ndinamupatsa foni yanga. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa PPSSPP, yomwe inayamba mu 2012, imene imathandiza foni ya Android kusewera magemu a PSP, ndipo posewera sufuna intaneti. Zithunzi zake n'zachikale ndithu, ndipo mabatani apasikirini amavuta poyamba. Mwanayo anakwinya nkhope, ati gemu ya agogo.

Pasanathe ola anali atapambana mpikisano wake woyamba. Ndinamuona akulowa kugalaja, maso ali gwa. Anadutsa injini, anadutsa matayala, n'kukaima pa marimu akuluakulu a golide.

Ndinatsala pang'ono kulankhula, koma ndinangokhala chete. Akamaliza kumapeto kanayi, abwera yekha kudzafunsa.