Wokama ng'ombe ndi mayi, nanga ndalama akulandira ndani?

Achemwali, mukamaima pa Lizulu kugula mbatatesi ndi kabichi, kapena mukamatsegula paketi ya chambiko m'tauni muno, munayamba mwaganizapo za mayi wa ku Ntcheu amene amadzuka mbandakucha kukakama ng'ombe?

Chiyambire sabuside wa feteleza mu 2005, kenako AIP mu 2020 pomwe thumba linkagulidwa K4,495, thandizo la boma kwa alimi lakhala makamaka nkhani ya chimanga. Makuponi, ziphaso za unzika, mizere pa depoti, chaka ndi chaka. Wa mkaka amangotola nyenyeswa. Mu ulamuliro wa mayi Joyce Banda kunabwera ndondomeko ya ng'ombe imodzi pa banja. Mabungwe ena amagawanso ng'ombe zopatsirana: yako ikaswa yaikazi, umapatsira mnzako. Maganizo abwino ndithu. Koma tifunse: "banja" limeneli, pa pepala amalemba dzina la ndani?

Ng'ombe ya mkaka si yongotayira kudambo ayi. Imakhala m'khola, ndiye pamafunika wokamweta nsenjere, wotunga madzi zidebe zingapo patsiku, wosaka madeya kuchigayo, wochotsa ndowe, wokama m'mawa ndi madzulo. Tonse tinakulira kumudzi kapena tili ndi abale kumeneko, tikudziwa amene amagwira zambiri mwa ntchitozi. Koma mkaka ukafika ku gulu, ndalama imatuluka m'dzina la membala wolembetsedwa. Ngati membalayo ndi bambo, mayi amangomva kuti "zatuluka", mwina osaziona n'komwe. Ukwati ukatha, kapena bambo akamwalira, ng'ombe ija achibale akuchimuna amabwera kudzaimasula.

Ena ati, "za m'banja musalowerere." Pepani, ng'ombe yogulidwa ndi misonkho yathu si nkhani ya kuchipinda. Tikagula mayunitsi timadula msonkho, choncho tili ndi ufulu wofunsa.

Ife tikuti boma liikedi ndalama pa ulimi wa mkaka ku Ntcheu, chifukwa kumapiri ozizira monga ku Tsangano ng'ombe zamkaka zingachite bwino, ndipo msewu wa M1 ukudutsa m'boma lomwelo kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma thandizolo libwere motere. Ng'ombe ilembedwe m'dzina la mayi, kapena la onse awiri. Malipiro alowe pa foni ya wokamayo, kaya ndi Mpamba kaya Airtel Money. Magulu akhale ndi matanki oziziritsira mkaka oyendera sola, chifukwa magetsi akazima mkaka umasasa, thukuta la tsiku lonse n'kutayika. Alangizi a ziweto azifika kumudzi ndi mankhwala komanso umuna wa ng'ombe zamakono pa mtengo woti mayi angakwanitse. Ndipo poti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati pa ntchito za boma amayi asachepere 40 pa 100 alionse, makomiti a magulu a mkaka atengereko chitsanzo.

Kodi amayi anu, azakhali kapena agogo amaweta ng'ombe ya mkaka? Aimbireni lero, muwafunse kuti ng'ombeyo inalembedwa dzina la ndani. Mutiuze m'munsimu zomwe akuyankheni, kenako tikafunse limodzi kwa phungu ndi ku khonsolo ya Ntcheu.