Pulinta yopanda waya si ya ku Neno kuno

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ophunzira anga akale amene muli ku Blantyre ndi ku Joni, lero ndikufuna kukangana nanu pa nkhani ya pulinta. Ndatopa kumva kuti ife aphunzitsi akumudzi sitidziwa kompyuta, chifukwa chakuti pulinta ya Wi-Fi ikukana kulumikizana ndi netiweki ya kunyumba. Makinawa anawapangira nyumba imene magetsi sazima ndipo rauta imayaka usana ndi usiku. Kwathu kuno si choncho, ngakhale kuti magetsi a ku Nkula ndi Tedzani amapangidwa pa Shire pafupi ndi ife pomwepa.

Magetsi akazima n'kubweranso, rauta ikhoza kupatsa pulinta nambala ina ya IP. Laputopu imafunabe nambala yakale, ndiye imangoti "offline" pulinta ili chiyakire. Chachiwiri, ambiri a ife tilibe rauta, timadalira hotspot ya foni. Mapulinta ambiri otsika mtengo amamva 2.4 GHz yokha, ndiye foni ikakhala pa 5 GHz pulinta siiona n'komwe. Mukasintha dzina la hotspot kapena password, muyenera kuiphunzitsanso pulintayo. Ndipo mwini foni akapita kumsika ku Zalewa, netiweki yapita naye. Chachitatu, driver yake imafuna intaneti, ndipo bandulo imatha musanasindikize pepala ngakhale limodzi.

Njira zokonzera zilipo. Ikani hotspot pa 2.4 GHz. Sindikizani tsamba la netiweki pa pulintayo, muone nambala yake ya IP, muilembe pamanja mu kompyuta. Muli ndi rauta, iuzeni kuti nambalayo isamasinthe. Chotsaninso mapepala amene anaunjikana pamzere wodikira. Zonsezi ndazichita kangapo ndipo zimatheka. Koma funso langa ndi ili: mphunzitsi amene ali ndi ana a Fomu 4 oyembekezera mayeso a MSCE azitaya madzulo onse pa zimenezi chifukwa chiyani? Mayeso oyeserera akalephera kusindikizidwa, timabwerera kukalemba mafunso pabolodi, theka la nthawi ya mayeso n'kuthera pokopera. Wolephera mu Julayi ndi mwana, wogulitsa pulinta uja ndalama anadya kale.

Ena amati waya ndi wachikale. Chikale chake chili pati ngati pepala likutuluka? Waya wa USB safuna bandulo kapena password, ndipo magetsi akabwera umayambira pomwe unalekera.

Choncho inu amene mumatumizira sukulu yanu yakale mphatso, tikuthokoza ndithu, koma yang'anani kaye kumbuyo kwa makinawo ngati pali polowetsa USB. Ikani wayawo m'katoni momwemo, driver muiike pa flash, ndipo funsani ngati inki kapena tona yake imapezeka ku Blantyre. Aphunzitsi anzanga, wogulitsa akayamba kukutamandirani "wireless", muuzeni akuonetseni waya musanatulutse ndalama.