Manja a woyendetsa ndege asaiwale ntchito

Kuno ku Lifidzi ndege timaziona zili kutali m'mwamba, ndipo ambiri timakhulupirira kuti masiku ano zimadziyendetsa zokha, woyendetsa amangokhalapo. Si choncho ayi.

Ndege ya kampani ya LAM ikamanyamuka pa bwalo la Chingodzi ku Tete, amainyamutsa ndi manja a munthu. Akakoka chiwongolero, timapiko ta kumchira timapendekeka, mphuno n'kudzuka. Akachipotolera kumanzere, kachidutswa ka kumapeto kwa phiko la kumanzere kamakwera, ka kumanja kamatsika, ndege n'kupendekera komweko. Mapazi amawongolera chipsepse choimirira cha kumchira, dzanja linalo lili pa mphamvu ya injini. Kutentha kwa ku Tete kumapepukitsa mpweya, motero ndege imathamanga kamtunda ndithu isanachoke pansi. Ikakwera m'pamene amaisiyira makina otchedwa autopilot, ndipo mbali yaikulu ya ulendo wotsalawo manja amakhala akupuma.

Kupumako n'kumene kumandidetsa nkhawa, chifukwa makinawo amam'bwezera munthu ndege zinthu zitavuta kale. Pa 1 Juni 2009, ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inalowa m'mitambo usiku pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Timachubu toyezera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, autopilot inazima. Mmodzi mwa oyendetsa anakoka chiwongolero, mphuno inaloza kumwamba, liwiro linatha, mapiko analeka kuinyamula. Aliyense amene anakwerapo chitunda pa njinga yosenza matumba a mbatatesi akudziwa kuti liwiro likatha umagwa. Chofunika chinali kutsitsa mphuno kuti liwiro libwerere, koma iye anapitiriza kukoka. Anthu 228 anathera m'nyanja, injini zili bwinobwino.

Sindikunyoza makina; apulumutsa miyoyo yambiri, makamaka pa chifunga ngati chathu cha m'nyengo yozizira. Koma mu 2013 bungwe loona za maulendo a pandege ku America, FAA, linalangiza makampani kuti oyendetsa azipatsidwa mpata woyendetsa ndi manja kunja kukakhala bwino. Ine ndikufuna makampani a kwathu kuno azitero kawirikawiri, ndipo aziphunzitsa achinyamata awo kudzutsa ndege imene yataya liwiro ili m'mwamba kwambiri, osati pafupi ndi bwalo pokha.