Magetsi pa mtsempha wa msana: nkhani yaikulu ili m'magazi

Mu 2018 ndiponso mu 2022, akatswili a ku Lausanne m'dziko la Switzerland anaonetsa amuna ofa ziwalo akuponya miyendo mothandizidwa ndi kacipangizo ka magetsi koikidwa mu msana. Nkhaniyo inamveka dziko lonse, ndipo m'pake. Koma nchito ina ya gulu lomweli, imene siikoma kwenikweni pa kanema, ingathe kufika kwa odwala ambili kuyenda kusanafike. Nchitoyo ndi ya kayendedwe ka magazi.

Mkati mwa fupa la msana muli mtsempha waukulu wocokela ku ubongo. Suyendetsa manja ndi miyendo cabe. Munthu akadzuka pa bedi, uthenga umatsika mu mtsemphawu kukauza mitsempha ya magazi ya m'mimba ndi m'miyendo kuti ifinyike, kuti magazi asathawile pansi. Amene wathyoka khosi, njila ya uthengawu imaduka. Akangomukhazika pa njinga, BP imagwa, maso amacita cidima, mwina amakomoka kumene. Wodwala wotele sangacite bwino masewela olimbitsa thupi, ndipo ena amathela tsiku lonse cogona.

Mu January 2021, magazini ya Nature inafalitsa zimene anapeza a Grégoire Courtine ndi a Jocelyne Bloch a ku Lausanne pamodzi ndi a Aaron Phillips a pa yunivesite ya Calgary ku Canada. Atayesa pa makoswe ndi anyani, iwo anapeza malo ocepa ca kumunsi kwa msana, kufupi ndi pamene nthiti zithela, pamene magetsi amadzutsa minyewa yolamulila mitsempha ya magazi ya m'mimba. Mitsemphayo ikafinyika, magazi amabwelela ku mtima ndipo BP imakwela. Mwamuna mmodzi wofa ziwalo amene anamuyesa anafika posiya mankhwala okwezela BP. Mu 2025 gululi linalengeza zotsatila za anthu 14 a ku Switzerland, Netherlands ndi Canada, ndipo caka comweco bungwe la FDA ku America linalola kampani ya Onward Medical kuyamba kuyesa cipangizoci pa anthu oculukilapo.

Cocititsa cidwi n'cakuti magetsi omwewa amadziwika kale ndi nchito yosiyana. Dokotala Norman Shealy anayamba kuwagwilitsila nchito mu 1967 pofuna kucepetsa ululu, ndipo mu 1976 madokotala a ku New York analemba kuti magazi anayamba kuyenda bwino m'miyendo ya odwala mitsempha yotsekeka. Kumeneko magetsi amatsegula mitsempha, pamene kwa ovulala khosi amaifinya. Cimene cisiyanitsa ndi malo amene waya waikidwa ndi mphamvu imene wapatsidwa. N'cifukwa cake makina otekenya thupi amene amagulitsidwa ndi lonjezo lakuti acilitsa zonse sayenela kuyelekezedwa ndi nchito imeneyi.

Funso lovuta kwambili ndi la magazi olowa mu mtsempha wa msana weniweniwo. Ngozi ikacitika, mtsempha umatupa mkati mwa fupa limene silingafutukuke, timitsempha ta magazi timapanikizika, ndipo minyewa imene inapulumuka pa ngoziyo imayamba kufa kamba kosowa mpweya. Vutoli silithela m'masiku oyamba. Mu 2017, ofufuza a pa yunivesite ya Alberta motsogoleledwa ndi a David Bennett anapeza kuti mwa makoswe, mbali ya mtsempha ya kumunsi kwa bala imakhalabe yopelewela mpweya patapita miyezi, cifukwa timitsempha take timakhala tofinyika. Atawonjezela mpweyawo, makoswe anayenda bwinoko kwa kanthawi.

Apa ndi pamene pafunika kusamala. Kukweza BP ya thupi lonse ndi cinthu cimodzi, ndipo kutsimikiza kuti magazi oculuka akulowadi mu mtsempha wovulala ndi cina. Umboni wa coyambaco ulipo pa anthu, ngakhale anthu 14 ndi ocepa. Umboni wa caciwili udalila kwambili pa nyama, popeza kupima magazi mkati mwa mtsempha wa munthu wamoyo n'kovuta ndiponso n'koopsa. Aliyense wonena kuti magetsi amadyetsa mtsempha wa msana n'kuucilitsa wathamangila kutsogolo kwa ofufuza eni ake.

Bungwe la WHO likuti anthu oposa 15 miliyoni pa dziko lapansi ali ndi bala la mtsempha wa msana, ndipo ambili anavulala pa ngozi za pa msewu kapena pogwa. Kwa ovulala pa misewu yathu kuno ku Zambia, phunzilo la magazi ligwila nchito lelo lomwe, popanda waya mu msana. Wovulala khosi asapindidwe pomunyamula. Madokotala amalimbikitsa opaleshoni yomasula mtsempha pasanathe maola 24 pamene n'kotheka, ndi kusalola BP kugwa kwa masiku 3 mpaka 7 oyamba. Zimenezi zifuna ambulansi yofika msanga, bedi m'cipinda ca odwala mwakayakaya, mankhwala osunga BP, ndi namwino woipima usana ndi usiku.