Amene Anasowa Fizi Ndiye Anayatsa Getsi

Akuluakulu a zamaphunziro amakonda kutchula dzina la William Kamkwamba akamakamba za luso ndi utsogoleri m'sukulu. Amalitchula monyadira, ngati kuti mnyamatayo ndi chipatso cha munda wawo. Kumeneko n'kukolola pamene sanafese. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta ku Kasungu, makolo ake analephera kulipira fizi ndipo iye anasiya sekondale. Makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi kwawo ku Masitala anawapanga ali kunja kwa kalasi, ndi zidutswa za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugama, atawerenga buku la Using Energy m'kalaibulale ka ku Wimbe.

Mlanduwu si wa mphunzitsi wamkulu yekha. Dongosolo la maphunziro linamusandutsa mlembi ndi mlonda: kudzaza mafomu, kuwerenga ana, kudikira kalata yochokera ku likulu. Muyeso wa ntchito yake ndi chiwerengero cha okhoza mayeso a MANEB basi. Amene angapatule masana amodzi kuti ophunzira aphwasule wailesi yakufa n'kuona zam'kati mwake adzafunsidwa chifukwa chimene silabasi yatsalira m'mbuyo. Woloweza mayankho amaomberedwa m'manja. Wofunsa funso losalembedwa m'buku amatchedwa wamwano. Kenaka mphunzitsi wamkulu yemweyo amaitanidwa ku hotela kukaphunzitsidwa "utsogoleri waluso" masiku atatu, n'kubwerera ku malamulo omwe aja omumanga manja.

Oikira kumbuyo dongosololi amati vuto ndi umphawi, ndipo sakunama konse. Fizi ya pulayimale itathetsedwa mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira m'sukulu m'chaka chimodzi, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Mphunzitsi wa ana zana sangadziwe maloto a aliyense. Koma chimene Kamkwamba anapeza ku Wimbe sichinali labotale kapena kompyuta. Anapeza mashelefu ochepa a mabuku, woyang'anira womulola kubwereka, ndi nthawi yoyesa, kulephera ndi kuyesanso popanda womudula malikisi.  Zotere zimafuna mphunzitsi wamkulu wololedwa kugamula yekha zina za pasukulu pake, ndi woyendera sukulu wofunsanso zimene ana apanga ndi manja awo.

Mpando wa m'kalasi unapezekanso kwa Kamkwamba atolankhani atalemba za iye mu 2006. Digiri anakailandira ku Dartmouth, ku America, mu 2014.