Amisiri a makompyuta asamathamangire kufomata



Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo pa khalidwe lina limene lafala pakati pa anyamata okonza makompyuta m'matauni mwathu. Munthu akapita ndi kompyuta yake yoti yayamba ulesi, ambiri amamulangiza kuti achotse hard disk yakale n'kuikamo chosungira chatsopano chotchedwa SSD. Langizo limeneli ndi labwino ndithu. Chimene chikundiwawa ndi kasamutsidwe kake. M'malo mosamutsa zonse za m'chosungira chakale, mmisiri amangoika Windows yatsopano, n'kufomata chakalecho, mwini wake n'kubwerera kunyumba ndi makina othamanga koma opanda kanthu. Makalata, zithunzi za ukwati, mayeso amene mphunzitsi anakonza kwa zaka zambiri, magemu a ana, zonse zapita.

Ine ndinagwira ntchito ya uphunzitsi waukulu kumudzi, ndipo lamulo losamuka pasukulu ndikulidziwa. Mphunzitsi wamkulu akamachoka, amakhala pansi ndi womulowa m'malo, kuwerenga madesiki, mabuku, marejista ndi ndalama, kenaka onse awiri n'kusayina. Palibe amene amawotcha rejista yakale poti kwabwera yatsopano. Nanga bwanji pa kompyuta tikulola kuti katundu wa munthu atayike mosawerengedwa?

Poyamba tigwirizane kuti kusinthako n'koyenera. Hard disk ili ndi timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kofufuza pomwe pali fayilo. Nzeru imeneyi ndi yakale, pakuti kampani ya IBM inatulutsa hard disk yoyamba mu 1956. SSD ilibe chozungulira chilichonse. Yamtundu wa SATA imawerenga pafupifupi 550 MB pa sekondi, pomwe hard disk wamba ya mu laputopu imangofika cha m'ma 100 MB. Choncho kompyuta yakale ikalandira SSD imatsitsimuka, ndipo banja limapulumutsa ndalama zogulira makina ena.

Tsono njira yosamutsira zonse ilipo, ndipo amisiri akuidziwa. Amaitcha cloning, kutanthauza kukopera chosungira chonse monga momwe chilili, Windows, mapulogalamu ndi mafayilo, kupita ku chatsopano. Pulogalamu ya Clonezilla imagwira ntchito imeneyi ndipo ndi yaulere. Makampani ena opanga SSD, monga Samsung, amaperekanso pulogalamu yawo yosamutsira kwaulere. Chimene njirayi imafuna ndi nthawi, mwina maola angapo, ndiponso magetsi osazima kufikira ntchito itatha. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kufomata n'kwachangu, mmisiri amalandira ndalama msanga n'kuitana wina. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali bodza lina loyenera kulitsutsa. Anthu ena amauzidwa kuti posintha chosungira ayenera kulipiranso Windows. Ngati kompyuta inali ndi Windows 10 kapena 11 yovomerezeka, chilolezo chake chimagwirizana ndi makinawo, makamaka motherboard, osati chosungira. Mukasintha chosungira chokha n'kulumikiza ku intaneti, nthawi zambiri Windows imadzizindikira yokha. Wolipiritsa munthu pa chinthu chimene ali nacho kale, kenaka n'kumuikira Windows yakuba, wamulakwira kawiri.

Za magemu, anzanga achikulire mwina anena kuti ndi zachibwana. Koma taonani kukula kwake. FIFA 23, imene inatuluka mu 2022, imafuna malo okwana 100 GB pa kompyuta. Red Dead Redemption 2 imafuna 150 GB. Mwana akataya gemu yotere, ayenera kuikokanso pa intaneti, ndipo ndalama ya bandulo imachokera m'thumba la kholo lomwelo. Chonsecho pulogalamu ya Steam, imene achinyamata ambiri amagulirapo magemu, ili ndi njira yosamutsira gemu kuchoka pa chosungira china kupita pa china popanda kuikokanso. Choncho amene alibe ndalama ya SSD yaikulu atha kugula yaing'ono ya 256 GB n'kuikapo Windows ndi gemu imodzi yokondedwa, zotsalazo n'kuzisunga pa hard disk ina. Chofunika n'chakuti zimene mukukopera zikwane m'chosungira chatsopanocho, ndiye zazikuluzikulu zisamutsidwe kaye padera. Ndipo musadabwe SSD ya 256 GB ikamaoneka ngati 238 GB mu Windows. Sanakubereni ayi, kungoti opanga ndi Windows amawerenga mosiyana.

Amisiri adzayankha kuti nthawi zina kuyamba mwatsopano ndiko kwabwino, ndipo pamenepo akunena zoona. Windows ikadzaza ndi mavairasi, kuikopera n'chimodzimodzi kusamutsa chimanga cha anankafumbwe kupita nacho m'nkhokwe yatsopano. Hard disk ikayamba kulira ngati ikugogoda, kukopera konse kukhoza kulephereka panjira. Koma ngakhale zitatero, mafayilo a mwini wake ayenera kupulumutsidwa kaye, ndipo mwini wakeyo afunsidwe. Chosankha ndi chake, pakuti katundu ndi wake.

Kwa eni makompyuta ndikuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Funsani mafunso ndipo musachite mantha ndi Chingerezi cha mmisiri. Musanapereke makina, koperani zofunika kwambiri pa flash kapena pa chosungira china chimene chitsale kunyumba. Ngati kompyuta yanu ndi yokiyidwa ndi BitLocker, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48, chifukwa ikafunidwa inu mulibe, ngakhale mmisiri waluso sangatsegule. Ntchito ikatha, yatsani makinawo pomwepo, tsegulani makalata anu, yesani gemu, muone kuti zonse zilipo musanalipire.

Chachikulu kwambiri, tengani hard disk yanu yakale mupite nayo kunyumba. Musalole zoti itsale ngati gawo la malipiro. M'menemo muli zithunzi za banja, makalata a kubanki ndi zinsinsi zina, ndipo kufomata kwachangu sikuzifafaniza kwenikweni. Munthu wodziwa atha kuzibweza. Isungeni kwa mwezi umodzi kapena iwiri kufikira mutakhutira kuti palibe chosowa. Pambuyo pake mutha kuigulira kabokosi ka USB kuti ikhale nkhokwe yanu yachiwiri. Izi n'zofunika chifukwa SSD nayo imafa, ndipo kawirikawiri imafa mwadzidzidzi popanda phokoso lochenjeza.

Chenjezo lomaliza ndi ili. Kampani ya Microsoft inathetsa chisamaliro chake cha nthawi zonse pa Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kuti makina akhale ndi chitetezo chotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yosakalamba kwambiri. SSD payokha siisintha zimenezi. Choncho wina asakunamizeni kuti chosungira chatsopano chathetsa mavuto onse a kompyuta yakale. Chimaithamangitsa, koma sichiibweza ku unyamata.

Ndikupempha masukulu ophunzitsa za makompyuta kuti aphunzitse ana athu kusamutsa zinthu mwadongosolo, ndiponso kulemekeza katundu wa kasitomala. Ndikupemphanso amisiri kuti azilemba mitengo iwiri poyera, wa kusamutsa ndi wa kufomata, munthu asankhe yekha akudziwa chimene ataye. Amene adzachite zimenezi sadzasowa makasitomala.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntchisi.