MABUKU A CHUMA A KAMPANI YA FORD: ZIMENE AONETSA NDI ZIMENE ABISA

Munthu wamalonda amene ali ndi sitolo, chigayo ndi lole, naponya ndalama zake zonse m'thumba limodzi, angathe kukondwa pakutha pa chaka poona kuti thumba latupa, osadziwa kuti lole ija yakhala ikudya phindu la chigayo miyezi yonse. Adzazindikira pokhapokha atatsegula buku la sitolo palokha, la chigayo palokha, ndi la lole palokha. Nkhani yomweyi ndiyo inachitika ku kampani yopanga galimoto ya Ford, ya ku Dearborn m'dziko la Amereka, imene inayambidwa ndi Henry Ford m'chaka cha 1903.

Kwa zaka zambiri kampaniyi inkaulula chuma chake monga mwa madera a dziko lapansi: zimene yapeza ku North America, ku South America, ku Ulaya, ku China ndi kumaiko ena otsala. Koma m'mwezi wa March 2022 mkulu wa kampaniyi, Bambo Jim Farley, analengeza kuti ntchito idzagawidwa mwa njira ina, ndipo kuyambira 2023 mabuku anayamba kutsata magawo atsopanowo. Gawo la Ford Blue ndilo la galimoto zoyendera petulo ndi dizilo, pamodzi ndi zija zophatikiza injini ndi magetsi. Gawo la Ford Model e ndilo la galimoto zamagetsi. Gawo la Ford Pro ligulitsa galimoto zantchito kwa makampani ndi maboma. Palinso Ford Credit, imene ikongoza ndalama kwa ogula ndi kwa ogulitsa galimoto.

Atatsegula mabukuwo, chimene chinali chobisika chinaonekera poyera. Ziwerengero zotsatirazi ndi za phindu asanachotsepo msonkho ndi chiwongoladzanja, ndipo biliyoni imodzi ndiyo mamiliyoni 1,000. M'chaka cha 2022 gawo la zamagetsi linataya madola 2.1 biliyoni. Akuluakulu anayembekeza kuti mu 2023 lidzataya pafupifupi 3 biliyoni, koma linataya 4.7 biliyoni, pamene Ford Blue inapindula 7.5 biliyoni ndi Ford Pro 7.2 biliyoni. Mu 2024 zotayika za Model e zinakwera kufika pa 5.1 biliyoni, Ford Blue inatsikira pa 5.3 biliyoni, koma Ford Pro inakwera kufika pa 9 biliyoni. Ndiye kunena kuti m'chaka chimenecho pafupifupi phindu lonse la Ford Blue linamezedwa ndi gawo la zamagetsi, ndipo kampani inaimira pa galimoto zonyamula katundu ndi zogwirira ntchito.

Kodi nchifukwa ninji kampani inavomera kuonetsa chilonda chake pagulu? Choyamba ndi lamulo. Malamulo a kalembedwe ka mabuku a chuma ku Amereka, kuyambira 1997, ati kampani yogulitsa masheya ake kwa anthu iulule magawo ake monga momwe mkulu wake awaonera pogawa ndalama ndi poyesa ntchito. Tsono pamene Ford inasintha kayendetsedwe ka ntchito m'kati, mabuku anayenera kutsata. Chachiwiri ndi nzeru zamalonda. Akuluakulu anafuna kuti eni masheya aone gawo la zamagetsi monga kampani yaing'ono yongoyamba kumene, imene kutaya ndalama m'zaka zoyamba sikodabwitsa, ndi kuti aonenso kukula kwa phindu la Ford Pro, limene kale linkamwazikana m'ziwerengero za madera.

Komatu wowerenga wosamala ayenera kudziwa kuti kugawa mabuku sikungoulula kokha, kubisanso. Zinthu zitatu ziyenera kukumbukiridwa.

Choyamba, pamene chitseko china chatseguka, china chatsekeka. Kale munthu ankatha kuona msanga ngati ntchito ya ku Ulaya kapena ya ku China ilikupindula kapena kutaya. M'magawo atsopanowa phindu la dera lililonse silionekanso palokha. Galimoto ya Ford Ranger imene ipangidwa ku Silverton, pafupi ndi Pretoria, ndi kuoneka m'misewu ya maiko a kuno kum'mwera kwa Afrika, phindu lake lilowa mu Ford Blue kapena mu Ford Pro malinga ndi dziko limene yagulitsidwa.

Chachiwiri, malire a magawowo adulidwa ndi eni ake. Galimoto yamagetsi yonyamula katundu ikagulidwa ndi kampani, malonda ake alembedwa ku Ford Pro, osati ku Model e. Magawowa agwiritsanso ntchito mafakitale ndi amisiri amodzimodzi, ndipo ndi akuluakulu a kampani amene aweruza kuti gawo lililonse lisenze mtolo wotani wa ndalama zoonongedwa.

Chachitatu, pali ndalama zina zimene zilembedwa padera, kunja kwa magawo onse, pozitcha zochitika mwapadera. Mu August 2024 Ford inaleka chikonzero chake chopanga galimoto yaikulu yamagetsi ya mizere itatu ya mipando, ninena kuti kuleka kumeneku kungathe kuidyera mpaka madola 1.9 biliyoni. Ndalama zotere munthu sadzaziona akangoyang'ana mzere wa gawo limodzi. Ayenera kuwerenga mpaka kumunsi kwa tsamba.

Ngakhale zili tero, sikungakanidwe kuti kugawa kumeneku kunabala zipatso. Zotayika zitalembedwa pa mzere wakewake, miyezi itatu iliyonse eni masheya anali ndi funso lofunsa, ndipo akuluakulu anakakamizika kuchepetsa ndi kuchedwetsa ndalama zoika m'galimoto zamagetsi. Zikadakhala zosakanizika ndi phindu la ku North America, mkanganowo ukadachedwa kubuka.

Phunziro lake lifika kwa aliyense wosunga buku la ndalama, kaya ndi kalaliki wa muofesi, kaya mphunzitsi wamkulu wosunga thumba la sukulu. Chiwerengero cha pamodzi chinena zoona, koma sichinena zonse. Wolandira lipoti la chuma afunse mafunso atatu: buku lagawidwa motani, analigawa ndani, ndipo nchiyani chimene chasiyidwa kunja kwa magawowo.